FUNSANI MALUME A PA GARAJA: Yakuda, yoyera kapena ya siliva?

Mwezi uno makalata abwera ngati munachita kupangana, pafupifupi onse nkhani yake ndi ya kala ya galimoto, wina akufuna yakuda akazi ake akukana, wina akufuna kupentetsa, wina wagula kale ndiye akungofuna ndimuuze kuti anachita bwino. Ndatolapo ochepa ndipo ena ndawadula, pajatu ena inu kalata mumayambira chaka chomwe munalemba mayeso a Sitandade 8. Ndipo ndikamati ma kala sindikunena ophikira pambaula aja ayi, timvane.

Malume, ndasunga ndalama zaka zitatu, banki mkhonde ya madam yathandizaponso, pano ndafika poti ndiitanitse galimoto yanga yoyamba ku Japan. Ndapeza ma Fielder awiri pa intaneti, chaka chimodzi, makilomita osasiyana kwenikweni, ina yakuda ina ya siliva. Ine mtima uli pa yakuda ija chifukwa imapatsa ulemu, madam akuti ya siliva basi. Timakhala ku Area 49 kumene phula sanafike ndipo ntchito imandipititsa ku Salima kawirikawiri. Kunyumba sitikuyankhulana bwinobwino. Tiweruzeni.
Wofuna ulemu, Lilongwe

Aphwanga, pepani pasadakhale, mlandu uwu mayi akunyumba awina, koma khalani pansi ndikufotokozereni kuti musadzati Malume analandira kenakake.

Chithunzi chomwe mukuchiyang'ana usiku uliwonse pafoni chija anachijambula galimoto itangotsukidwa kumene, ili pa simenti, kudziko koti misewu yake ndi ya phula mpaka pakhomo. Sindikutsutsa, palibe galimoto yokongola kuposa yakuda ikangochoka pa kawoshi, olo ine ndimatembenuka kuiyang'ana. Vuto ndi loti kukongolako kumatha musanafike n'komwe pa phula. Fumbi lathu la mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, la katondo lija, ndi lowala kuposa penti wakuda ndiye kalikonse kakatera kamaonekera patali, mutsuka m'mawa pofika 10 koloko ana a sukulu alembapo kale "nditsukeni" ndi chala pagalasi lakumbuyo. Siliva ndi zotuwa zowalirako zimabisa fumbi chifukwa kala yake ili pakatikati, mutha kukhala sabata yathunthu osatsuka anthu osadziwa kanthu. Ndiye dzifunseni kaye, madzi kumpopi kwanuko amatuluka tsiku lililonse? Nanga ya kawoshi kawiri katatu pasabata muli nayo? Walira mvula walira matope.

Ndipotu kutsukako ndi komwe kumapha galimoto yakuda. Anyamata a pa kawoshi ambiri amakhala ndi ndowa imodzi ndi kansanza kamodzi, amayamba kupukuta matayala kenako kansanza komweko ndi mchenga wake kakwera pa boneti, akupukuta mozungulira uku akuimba. Mchenga uja umasiya timizere ting'onoting'ono pamwamba pa penti, pa siliva simungatione koma pa yakuda dzuwa likawomba mumaona ngati kangaude walukapo ukonde galimoto yonse. Pakatha chaka ulemu mumaunena uja wasanduka phulusa. Madzi a pa mjigo nawonso akauma okha padzuwa amasiya madontho oyera a mchere, awanso amaonekera kwambiri pa yakuda.

Tsopano Salima. Chinthu chakuda chimamwa dzuwa, izi aliyense amene anavalapo suti yakuda pamaliro a mu Okutobala akudziwa. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, akatswiri a ku Berkeley Lab ku America anaimika ma Honda Civic awiri padzuwa ku Sacramento, ina yakuda ina ya siliva, anapeza kuti denga la yakuda limatha kutentha kuposa linzake ndi madigiri 25, pomwe mpweya wa m'katimo umasiyana ndi madigiri 5 kapena 6. Kunena chilungamo kutentha kwambiri kumalowera pa magalasi, ndipo dashibodi ndi yakuda pafupifupi m'galimoto iliyonse, ndiye musaganize kuti ya siliva ndi firiji ayi, nayonso mukaisiya padzuwa chiwongolero chimawotcha manja. Koma madigiri 5 mukakhala pa mzere wa mafuta kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, injini yozimitsa, eyakoni osagwira, mudzawamva bwinobwino. Ndipo eyakoni ikamalimbana ndi galimoto yotentha imadya mafuta omwe munawagonera pa mzere aja.

Pali china chomwe anthu sachiganizira, kuoneka pamsewu. A ku Monash University ku Australia mu 2007 anaunika ngozi zoposa 850,000, anapeza kuti masana galimoto yakuda imakhala pachiopsezo chochita ngozi ndi 12 pa 100 kuposa yoyera, ndipo m'bandakucha ndi chisisira kusiyanako kumafika 47 pa 100. Apa madam asasangalale kwambiri, chifukwa kafukufuku yemweyo anapeza kuti masana yotuwa ili pa 11 ndipo siliva ili pa 10, chifukwa kala zimenezi zimafanana ndi phula komanso mitambo. Taganizirani galimoto ya siliva mu chiperoni cha ku Thyolo kapena nkhungu ya ku Chikangawa, imangotulukira ngati mzukwa. Mankhwala ake ndi osavuta, yatsani magetsi kukangoyamba kuchita mdima kapena nkhungu, osadikira kuti inuyo musiye kuona, magetsiwo ndi oti anzanu akuoneni.

Koma musanalipire, siyani kaye za kala, pemphani okugulitsaniwo akutumizireni pepala la ku okushoni la galimoto iliyonse. Pamakhala chojambula cha galimoto chokhala ndi zilembo, A ndi kukalika, U ndi kuphwanyika kolowa m'kati, W ndi pomwe anapentapo kale penti n'kuchita mafunde, S ndi dzimbiri, XX ndi chitsulo chomwe anasintha, ndipo giredi ikakhala R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ngati ya siliva ija ili ndi R pomwe yakuda ili pa giredi yabwino ya 4 kapena 4.5, tengani yakuda osayang'ananso m'mbuyo, mudzingotsuka basi. Zikakhala zofanana, siliva. Madam mukawauze kuti munaganiza nokha.

Malume, kuntchito atipatsa mwayi wa ngongole yogulira galimoto yatsopano kwa dila, ndasankha dabo kabu chifukwa ndili ndi munda ku Mchinji. Andionetsa zoyera ziwiri, ina akuti yoyera wamba ina akuti pearl, ya pearl mtengo wake ndi wokwererapo. Ine m'maso mwanga zonse ndi zoyera. Kodi sakungofuna kundidyera?
Mayi mlimi, Area 47

Mayi, choyamba zabwino zonse, galimoto ya ziro makilomita kuno kwathu ndi ochepa amene anainunkhizapo. Sakukudyerani, ma penti awiriwo ndi osiyanadi, koma ngati mukufunsa kuti ndalama yowonjezerayo ikupindulirani, kwa munthu wopita ku munda ndikuti ayi.

Penti wa galimoto sali ngati laimu wa pakhoma. Kufakitale bodi yonse amaiviika kaye mu thanki ya mankhwala oteteza dzimbiri, kenako pulaima, kenako kala yeniyeniyo, pamwamba penipeni n'kupoperapo kiliya, wopanda kala uja, amene amawalitsa komanso kuteteza kudzuwa. Zonsezi kuphatikiza pamodzi kukhuthala kwake kumangoposa pang'ono tsitsi limodzi la munthu, n'chifukwa chake minga ya m'njira ya ku munda sichedwa kufika pa chitsulo. Tsono kala ija ilipo ya mitundu itatu. Pali wamba, penti chabe wopanda chosakaniza. Pali metaliki, momwe amathiramo tizidutswa ta aluminiyamu tosaoneka ndi maso, ndi timene timachititsa siliva kuthwanima. Ndiye pali pearl, momwe amathiramo fumbi la mwala wonyezimira wotchedwa mica, ndipo yoyera ya pearl amaipopera katatu, woyera pansi, wa mica pakati, kiliya pamwamba. Mukaiyang'ana padzuwa cham'mbali imachita ngati m'kati mwa chigoba cha nkhono ya kunyanja, mu shopu ya dila pansi pa mababu simungaone kusiyana, auzeni azitulutse panja zonse ziwiri.

Ine kala ndimaisankha poganizira tsiku lomwe wa kabaza adzakukhuleni chitseko pa Chigwirizano, chifukwa tsikulo lidzafika ndithu, kaya ndi ngolo ya ng'ombe ku Mchinji kaya ndi geti ya kunyumba kwanu komwe. Yoyera wamba wopopera aliyense wodziwa ntchito amaifananitsa, chitseko chimodzi apopera mawa mwatenga galimoto, palibe angaloze. Pearl ndi nkhani ina, kuwala kwake kumadalira kuti wapakati uja wapopera kangati, wayimira patali bwanji, mpweya wa kompulesa unali wochuluka bwanji, akangowonjezera kamodzi chitseko chimachita chikasu, akachepetsa chimayera mbuu kuposa zinzake. Odziwa amapopera mpaka zitsulo zoyandikana nazo kuti kusiyanako kusaoneke, ndiye kukalika kwa chitseko chimodzi mumalipira zitseko ziwiri ndi madigadi. Tayang'anani ma Noah ndi ma Voxy oyera m'tauni muno, mudzaona ambiri bampala ina kala, chitseko ina kala, ngati chitenje chosokerera zigamba. Siliva nayenso ali ndi kavuto komweko pang'ono, tizitsulo tija tikagona mosiyana chitseko chimaoneka chakuda mukachiyang'ana cham'mbali.

Chomwe muchite tsiku lomwe mwalandira galimoto, pezani nambala ya penti muilembe penapake. Imakhala pa kachitsulo kapena sitika ya pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, zina pansi pa boneti. Pa Toyota pamalembedwa C/TR, manambala atatu oyambawo ndiwo kala, mwachitsanzo 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera ya pearl, 202 ndi yakuda, 1F7 ndi siliva. Nissan yakuda yodziwika ija ndi KH3. Osakaniza penti amayambira pa nambala imeneyi, koma wanzeru amatenganso kachitseko ka pothirira mafuta n'kupita nako kushopu, chifukwa penti amene wakhala padzuwa zaka zingapo safanananso ndendende ndi wa m'buku.

Inu ogula zakale za ku Japan mvetserani apa. Mu 2019 a Toyota ku Japan analengeza okha kuti magalimoto ena a 070 opangidwa kuyambira mu 2008, monga Alphard, Hiace ndi Prado, penti wake amatha kusupuka chifukwa cha dzuwa, ndipo anawonjezera nthawi yokonza ulere kumeneko. Ndiye mukamaitanitsa ya pearl ya zaka zimenezo pemphani chithunzi cha padenga, pajatu ojambula aja denga amaliiwala dala.

Choipa cha dabo kabu yoyera n'chimodzi, aliyense kumudzi adzaganiza kuti ndinu a bungwe mwabwera kudzalemba maina, ndipo pa Gateway Mall mudzapezeka mukulimbana ndi chitseko cha galimoto ya eni ake. Zoyera zachuluka padziko lonse osati kuno kokha, kampani ya penti ya Axalta yomwe imawerengera chaka ndi chaka yakhala ikupeza yoyera pa nambala wani kuyambira 2011, pafupifupi galimoto imodzi pa zitatu zilizonse zatsopano. Kuchulukako ndi komwenso kudzakuthandizeni pogulitsa. Matope a dzinja amaonekera pa yoyera, zoona, koma amachoka ndi madzi.

Malume ine ndine wa Maule kuyambira ndili mwana, galimoto yanga ikhale yofiira basi, za siliva zanuzo ayi. Koma anzanga akuti yofiira imasuluka n'kukhala pinki, akutinso a inshuwalansi amalipiritsa zambiri. Zoona?
Wapamtima wa timu ya fuko, Ndirande

Kkkk aphwanga ndakumvani, munthu wa Maule sangakwere ya buluu olo atampatsa ulere, a ku Lali Lubani angamuseke mpaka chaka chamawa. Za inshuwalansizo ndi bodza la pa bawo, iwo amayang'ana mtengo wa galimoto, zaka zake, ntchito yomwe imagwira kaya ndi yapakhomo kaya ya matola, ndi mbiri yanu ya ngozi. Kala amangoilemba kuti aidziwe galimotoyo.

Za kusuluka muli choonadi. Penti wofiira amaoneka wofiira chifukwa amabweza kuwala kofiira n'kumwa kwa buluu ndi kwina kwamphamvu kwambiri kochokera kudzuwa, ndiye amapsa msanga kuposa anzake. Ma Corolla ndi ma pikapu ofiira akalekale aja analibe kiliya pamwamba, n'chifukwa chake ankatuwa ngati mwana wosadzola, ukapukuta ndi nsanza nsanzayo imafiira. Ubwino wake amenewo ukawapaka polishi amabwerera. Zamakono zili ndi kiliya ndiye zimapirira zaka zambiri, koma kiliyayo akatopa amayamba kuchita mawanga oyera padenga ndi pa boneti kenako kusupuka ngati njoka yofundula, pamenepo polishi sathandizanso, n'kupopera basi. Izi zimachitikira kala iliyonse koma zimayamba ndi zofiira, zakuda ndi za buluu wakuda chifukwa ndi zomwe zimatentha kwambiri.

Ndiye gulani yofiira yanuyo, mtima ukafuna wafuna, koma muipezere mthunzi, olo kashedi ka malata anayi, ndipo sopo waufa wochapira zovala asayandikire, amachotsa polishi yense n'kuumitsa mphira za m'magalasi. Chenjezo limodzi, mukakopeka ndi kufiira kwa Mazda kuja, kwa ma Demio ndi ma CX-5 atsopanoko komwe amakutcha Soul Red, dziwani kuti ndi kokongola zedi koma ndi m'gulu la ma penti ovutitsitsa kufananitsa, opopera ambiri akaiona ikulowa pageti amayamba kukanda m'mutu.

Malume, ndinagula Sienta yachikasu kwa mnzanga pamtengo wabwino. Chigulireni sindikupuma, pena akuti ndine wachipani, pena ana akuti taxi. Nthawi ya kampeni ndinkachita kuopa kudutsa malo ena. Ndikufuna ndiipentetse ikhale yotuwa, pali mnyamata wina kuseri kwa msika akuti masiku atatu yatha. Ndipange?
Wotopa ndi mayina, Mangochi

Aphwanga, dziko lathu lino ma kala onse anagawana kale andale, yachikasu ndi ya UDF, ya buluu ndi ya DPP, ya olenji ndi ya PP, yofiira mukanganirana a UTM ndi a Kongeresi, ndiye mukati muzithawa zonsezi mutsala ndi yoyera ndi siliva basi. Ndipo Sienta olo muipente bwanji anthu adzaikwezera mkono pamsewu, imeneyo ndi nkhope yake.

Kusintha kala ndi ntchito yaikulu kuposa kupopera kala yomweyo. Kuti zioneke bwino pamafunika kuchotsa zitseko, mabampala, magetsi, mphira, zogwirira, kupopera mpaka m'mphuthu mwa zitseko, kuseri kwa boneti ndi m'buti, ndipo m'chipinda cha injini simungafike bwinobwino osatsitsa injiniyo. Wa masiku atatuyo sachita zimenezi, adzamata manyuzipepala pa magalasi, sandipepa pang'ono, n'kupopera pansi pa mtengo mphepo ikuwomba, fumbi ndi tizilombo zikutera pa penti wamuwisi. Sabata yoyamba idzawala mpaka mudzajambulitsa, ikadzapita mvula imodzi mudzaona matuza, ndipo mwala uliwonse ukagunda pa boneti kachikasu kaja kazisuzumira ngati dzira lophwanyika. Mukatsegula chitseko, chikasu. Wogula aliyense wozindikira akadzaona zimenezo adzaganiza ziwiri, ngozi kapena yakuba, ndipo mtengo adzaudula pakati. Penti wa kufakitale anawotchedwa mu uvuni pa madigiri oposa 100 galimoto isanaikidwe mawaya ndi mipando, palibe garaja ingabwereze zimenezo, ndiye ngati wanuyo akadali bwino mukutaya chinthu chabwino kuti mugule chotsika.

Mukalimbikira, pitani kwa amene ali ndi chipinda chopoperamo chotsekeka, muone kaye galimoto yomwe anapopera chaka chatha osati dzulo, ndipo mugwirizane kuti penti ndi wa 2K, wosakaniza ndi hadena, mankhwala oumitsa penti aja. Mnyamata wopoperayo avale chotchinga mphuno chenicheni osati kansalu, hadena ameneyu ali ndi mankhwala owononga mapapo, ambiri amadzadwala chifuwa cha mphumu osadziwa chomwe chawatengera. Njira ina ndi kumata pulasitiki ija amamatira magalimoto a makampani, imabisa kala yakale osaiwononga ndipo mutha kudzaimatula, koma ndi dzuwa la ku Mangochi musayembekezere zaka zambiri, imayamba kufota padenga.

Ndipo musaiwale mapepala. Kala ya galimoto inalembedwa mu bulubuku ndi mu kompyuta ya a Road Traffic, mukasintha mukuyenera kukawadziwitsa asinthe, a inshuwalansi muwauzenso. Kupanda kutero pa rodibuloko pepala lizidzati yachikasu maso a bwana akuona yotuwa, ndipo mudzafotokoza mpaka dzuwa kulowa. Ine ndikanakhala inu ndikanaigulitsa momwe ililimo n'kugula yotuwa kale, kapena kungoizolowera, yachikasu ndi imodzi mwa zooneka bwino pamsewu ndipo wakuba amaiopa chifukwa tauni yonse imaidziwa.

Malume, pali Axio ikugulitsidwa konkuno, ya 2010 koma ikuwala ngati yatsopano, mwini wake akuti sinagundidwepo. Ndingadziwe bwanji?
Wokayika, Mzuzu

Mukukayika bwino. Galimoto ya 2010 yomwe yayenda misewu yathu iyenera kukhala ndi timabala ta miyala kutsogolo kwa boneti, ikakhala yosalala ngati tsaya la khanda ndiye kuti yapoperedwa posachedwa, funso n'loti akubisa chiyani. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kaioneni masana dzuwa lili pamutu, osati madzulo kapena mvula ikugwa, galimoto yonyowa iliyonse ndi yokongola. Muime pakona muyang'ane m'mbali mwake motsata bodi ngati mukuwongola mzere wa munda, pomwe pali fila, phala lomatira pophwanyika lija, pamachita mafunde. Tengani kamaginito kofooka, konga ka zomata pa firiji kaja, mukakulunge m'kansalu kuti musakale galimoto ya eni, muziyendetsa pa zitseko ndi madigadi, pomwe sikakugwira bwino pali fila wokhuthala. Pa bampala musayese, ndi pulasitiki. Tukulani mphira za m'magalasi ndi m'zitseko muone ngati pali mzere pomwe penti watsopano anathera, yang'anani ngati utsi wa penti unagwera pa mphira, pa magetsi kapena m'kati mwa mataya. Mabawuti omangira madigadi ndi boneti akakhala okalika mitu ndiye kuti sipanala inadutsapo. Pomaliza fananitsani nambala ya penti ya pa kachitsulo kaja ndi kala yomwe mukuiona komanso ya mu bulubuku.

Kupoperedwa pakokha si mlandu, mwina denga linangopsa ndi dzuwa mwini wake n'kukonzetsa. Mlandu ndi kunama. Akakana kuti mubwere ndi makanika wanu, bwererani.

Malume, pa intaneti ndaona Passo ya pinki yotchipa kuposa zinzake zoyera za chaka chomwecho. Ili ndi vuto? Ndine mphunzitsi, ndalama ndi zowerengeka.
Aphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, nthawi zambiri vuto palibe. Ku Japan anthu amalimbirana zoyera za pearl ndi zakuda, ndiye za pinki, zobiriwira, za papo ndi za khofi zimatsika mtengo pa okushoni olo injini ili bwinobwino. Kwa munthu amene akufuna kuyendera galimoto mpaka idzatope, pamenepa ndi pogulira, injini sidziwa kuti kunja kuli kala yanji. Koma kumbukirani kuti kutchipa komwe mwakupeza pogula mudzakupezanso pogulitsa, azibambo ambiri kuno sangayerekeze kufika nayo kwa apongozi, ndiye ogula adzakhala ochepa ndipo adzakunenererani. Chitseko kapena bampala ikadzawonongeka, kwa ophwasula magalimoto mudzapeza zoyera ndi za siliva zili mbwee, ya pinki mudzachita kupopetsa. Pepala la okushoni likakhala loyera, itengeni, ana a sukulu adzaipatsa dzina sabata yoyamba yomwe.

Malume, mwanena kuti galimoto izikhala pamthunzi. Ine ndilibe shedi koma pakhomo pali mtengo wa mango waukulu. Sizokwanira?
Wa lendi, Zomba

Mthunzi wake ndi wabwino koma alendo a mumtengomo ndi amene ali ovuta. Zitosi za mbalame ndi za mileme zili ndi asidi, zikauma padzuwa pa boneti yotentha zimadya kiliya m'masiku ochepa n'kusiya chipsera chomwe sichichoka ndi sopo, utomoni wa mango nawonso umamata ngati ulimbo. Mukaona chitosi musachikande chouma, ikanipo kansalu konyowa mphindi zingapo chifewe kenako muchotse mopepuka. Ndipo kuyambira Novembala mpaka mango atatha galimoto ichoke pamenepo, bolomoma likagwa kuchokera kunsonga limasiya chibowo padenga, osanenanso za miyala ya ana a aneba ogenda mango. Miyezi imeneyo imikani kuseri kwa nyumba komwe dzuwa la masana silifika, mugule katoni kotchinga galasi lakutsogolo kaja, ndipo alandilodi muwapemphe mukhome mitengo inayi ndi mphasa pamwamba.